Chofunda cha Mbira pa Kasitomu

Tsiku limenelo kunacha ndi nkhungu, ija yoti ukatambasula dzanja zala zako umangozikhulupirira kuti zilipo. Unali mwezi wa Juni, Lachisanu. Mphepo inkalira m'mitengo ya paini, kumunsi kwa phiri kunkamveka ngolo ya ng'ombe ikukukuta miyala, ndipo tambala wa alamu anga ankalira mosasa mawu ngati nayenso wagwidwa chimfine. Zonsezi ndimazikumbukira bwino chifukwa ndinazimva ndikadali munthu wolemekezeka. Pofika madzulo ndinali nditasanduka nkhani.

Ine sindine munthu woyankhulayankhula. Kwathu, kufupi ndi Kabwazi, ntchito yanga pa tchalitchi inali yoliza belu (belu lake linali limu ya galimoto yopachika pa mtengo, koma tinkalitcha belu ndithu). Mkazi wanga Nangozo anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, n'kundisiyira mwana mmodzi, Tereza. Kwawo kwa Nangozo kunali tsidya lija la malire, kumene masiku amenewo kunkalamula Apwitikizi. Ndikati malire musaganize za mpanda kapena mtsinje. Malire ake anali mzere wa mitengo ya mapichesi kumapeto kwa dimba la alamu anga a Jowakimu, achimwene ake a Nangozo. Nkhuku zawo zinkagona dziko lina n'kumakadya dziko lina.

Chaka chimenecho Tereza anabereka mwana wake woyamba, wamkazi, ndipo ubatizo anauika Lamulungu. Apongozi anga, amayi ake a Nangozo, anali atakalamba moti sakanatha kuyenda ulendowo. Anatumiza uthenga kuti ndipite ndikatenge mphatso ya khandalo. Ndinapalasa njinga Lachinayi, ndinadzera pa mapichesi paja monga mwa masiku onse, n'kugona kwa alamu.

M'mawa wa nkhungu uja apongozi anakhala pa khonde atandifulatira pang'ono, monga mwa ulemu wake, n'kukankhira mtolo kumbali kwanga.

"Abambo a Tereza, tamasulani."

Chinali chofunda cha zikopa za mbira, zija za m'mapiri zimaothera dzuwa pa matanthwe. Zikopa makumi awiri ndi zinayi, zofewa ngati khutu la mwana wa ng'ombe, zonunkhira utsi wa zaka zambiri.

"Anasoka ndi malemu amuna anga, ndi mitsempha ya ng'ombe," anatero apongozi. "Mkazi wanu anachifunda ali khanda. Koma taonani pakona apo."

Pakonapo panali msoko wina wosiyana ndi inzake, wa ulusi wofiira, wotalika ngati chikhatho.

"Pamenepo panang'ambika iye ali namwali. Ndinati asoke yekha. Taonani kukhota kwake, ngati njira ya munthu wochokera ku mowa. Ndinamukalipira, iye n'kumangoseka. Chiyambire sindinalole munthu wina kupakonza. Mukamuonetse Tereza."

Msoko umenewo ndinali ndisanauonepo, koma mbiri yake ndinkaidziwa. Nangozo pophunzitsa Tereza kusoka, mwanayo akakhotetsa n'kuyamba kulira, ankamuuza kuti, "Usalire, kwa agogo ako kuli msoko wanga woposa apa." Tereza anakula akuufunsa msoko umenewo. Ndinakulunga chofundacho, ndinachimanga pa kaliyala, ndinatsanzika.

Tsono apa ndiyenera kufotokoza chimene chinandilowa m'mutu. Lamulungu lapitalo abambo mfumu analalikira za msonkho. Anati mkhristu wozembetsa katundu pa malire ndi wakuba ngati wakuba wina aliyense, kungoti amene wamubera samuona nkhope. Anthu onse m'tchalitchi anamva ulalikiwo, ndipo onse anadziwa kuti akunena amalonda aja ankazembetsa matumba a shuga. Ine ndekha ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti akunena ine.

Choncho nditatuluka pa bwalo la apongozi ndinatembenuzira njinga kumsewu waukulu.

"Alamu, njira ndi iyi," anatero a Jowakimu akuloza ku mapichesi. "Nkhunguyi yakusokonezani?"

"Ndikadzera ku kasitomu."

"Mwataya chiyani ku kasitomu?"

"Ndikaonetse katunduyu. Akuchoka dziko lina kulowa dziko lina."

A Jowakimu anakhala pansi pa mtondo wogudubuzika.

"Alamu, inu mwadutsa pa mapichesi apa zaka makumi awiri ndi mphambu. Ng'ombe za malowolo zinadzera pomwepa. Mlongo wanga munamutenga kudzera pomwepa. Kodi iye uja munakamuonetsa ku kasitomu?"

Ndinakwera njinga n'kupalasa mofulumira. Ndinawamva akufuula m'nkhungu kuti, "Mukawapatse moni a boma!"

Ulendo umene pa mapichesi ukananditengera maola awiri unanditengera m'mawa wonse kungoti ndifike pa ofesiyo. Tsidya lawo msilikali wa Chipwitikizi anasuzumira mtolowo, ananunkhiza, n'kundikupizira dzanja ngati akuingitsa ntchentche. (Pa anthu onse ogwira ntchito ya boma amene ndinakumana nawo tsiku limenelo, ameneyu ndiye sanatsegule buku, ndipo ndiye anaweruza bwino.) Tsidya lathu kunali kanyumba ka malata, mtengo wopingasa msewu, ndi mbendera. M'mbali mwa msewu amayi asanu anakhala pa matumba akugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi. Bambo wina wa malaya ofiira anandifunsa khadi la chipani, ndinamuonetsa, anandisiya. Ndikanafuna, nkhani yanga ikanathera pomwepo, chifukwa mtengo uja unali wokweza ndipo panalibe amene ankayang'ana kaliyala yanga. Ndinatsika ndekha, ndinamasula mtolo ndekha, ndinagogoda pa chitseko ndekha.

M'katimo munali kalaliki, mwana wa dzana, wovala taye ndi juzi. Bwana wake anali atapita ku boma, ndipo chifukwa cha nkhungu panali pasanadutse lole ndi imodzi yomwe chiyambire m'mawa. Atandiona anasangalala ngati ndamubweretsera kalata ya kwawo.

"Mwanyamula chiyani, bambo?"

"Chofunda."

"Bulangete!" Anakoka buku lalikulu, lonenepa kuposa lija la pa guwa. "Chinthu chilichonse cholowa m'dziko muno chili ndi nambala yake m'bukumu. Chopanda nambala sichilowa. Bulangete lanu ndi la thonje kapena la ubweya wa nkhosa?"

"La mbira."

Chala chake chinaima pa tsamba. Ndinayala chofundacho pa tebulo. Anachisisita, anachitembenuza, anayetsemula. Kenako anayamba kutsegula masamba akunyambita chala. Pa mabulangete sanachipeze. Pa mphasa ndi makapeti sanachipeze. Pa nsapato ndi malamba anaimapo pang'ono, n'kupukusa mutu. Ine ndinaima chilili chipewa chili m'manja, ndikumva mtendere wa munthu amene akuchita chinthu cholungama. Ndikuuzeni, mtendere umenewo ndi wokoma kwambiri, ndipo sukhalitsa.

"Ndachipeza!" Anawerenga m'Chingerezi, kenako anandimasulira. "Zovala ndi zofunda za ubweya wa nyama, zosokedwa kale. Izi, bambo, ndi zimene amavala madona olemera kumayiko ozizira. Ndi katundu wa manyado. Msonkho wake ndi wapamwamba kuposa onse."

"Ndi cha khanda," ndinatero.

"Buku silinena za khanda."

Analemba pa fomu, anawerengetsera pa kapepala, n'kutchula ndalama. Inali yoti munthu n'kugula mbuzi ziwiri, imodzi ya bere. Ine m'thumba munali ya kandulo ya ubatizo ndi ya paketi ya shuga basi.

"Ndiye ndingobwerera nacho," ndinatero. Mapichesi aja anali atayamba kundionekera m'maso.

"Simungabwerere nacho. Ndalemba kale pa fomu, ndipo fomuyi ili ndi nambala. Ndikaing'amba, bwana adzandifunsa kuti nambala imeneyi yapita kuti." Anayang'ana chithunzi cha mtsogoleri chimene chinali pakhoma, inenso ndinachiyang'ana, ndipo tonse awiri tinatsitsa mawu. Masiku amenewo pepala la boma silinkang'ambidwa chisawawa. "Mukalephera kulipira, katundu amatsala kuno."

Koma kalalikiyo sanali munthu woipa, zimenezo ndiyenera kumuchitira umboni. Ataona nkhope yanga anabwerera m'buku muja ndi mtima wofuna kundipulumutsa. Anapita kutsogolo, anabwerera m'mbuyo, mpaka anamenya tebulo.

"Bambo, Mulungu amakukondani. Taonani apa: zikopa za ubweya zosasoka, chimodzichimodzi. Msonkho wake ndi matambala chabe. Mwaona? Bukuli silikudana ndi zikopa zanu ayi. Likudana ndi msoko."

"Ndiye nditani?"

"Muli ndi mpeni?"

Mpeni ndinali nawo, kaja kopinda kosendera nzimbe. Munthu wanzeru akanati tidikire bwana. Ine ndinaganiza kuti mwana wophunzira Chingerezi, wokhala pansi pa mbendera, sangandiuze chinthu chopusa. Ndinatuluka, ndinakhala pa khonde la ofesi ya boma, ndinayala chofunda cha apongozi pa maondo, n'kuyamba kudula misoko.

Mitsempha ya ng'ombe ikauma zaka makumi anayi imalimba ngati waya. Malemu apongozi aamuna ankasoka ngati munthu woti sadzabweranso kudzakonza. Ndinadula, ndinakoka, pena ndi mano. Chikopa chikamasuka ndinkachiika pambali bwinobwino. Pofika chachisanu, amayi a kachewere aja anali atasiya malonda awo n'kundizungulira.

Wamkulu wawo, amene anzake ankamutcha Anaphiri, anaima manja ali m'chiuno.

"Abambo, nyamazi zinafa kale. Mukuzisendanso kachiwiri?"

"Ndi lamulo, mayi."

"Lamulo lati muononge chofunda mwezi wa Juni?"

"Lati chikakhala chosoka n'chodula."

"Iii! Amayi inu, bisani madiresi anu, ndi osoka!"

Anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ndinkangodziuza kuti anthu olungama akhala akusekedwa chiyambire kalekale. (Nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe kuti opusanso amasekedwa, ndipo kuseka kwake kumamveka chimodzimodzi.)

Nkhungu inachoka, dzuwa linapendeka. Pomaliza ndinali ndi zikopa makumi awiri ndi ziwiri zapazokha, ndi ziwiri za pakona zolumikizana ndi ulusi wofiira uja. Pamenepo sindinakhudzepo. Ndinapinda mpeni n'kuitana kalaliki.

Anabwera ndi fomu yatsopano, anawerenga chimodzichimodzi akuloza ndi pensulo. Atafika pa ziwiri zija anazinyamula m'mwamba.

"Izi zikadali chofunda."

"Chofunda cha ndani, cha mbewa?" anafunsa Anaphiri.

"Zosoka ndi zosoka, mayi, buku silinena kukula kwake."

"Pamenepo ndisiyireni," ndinatero ine.

Ndi mawu okhawo amene ndinanena. Apa ndi pamene pali kulakwa kwanga kwenikweni, ndipo sindikubisa. Ndikanati, "Mwana wanga, msoko umenewo anasoka mkazi wanga amene anamwalira," ndikhulupirira akanausiya. Koma ine dzina la Nangozo sindinkalitchula pagulu, pa maso pa amayi ogulitsa mbatata ndi mwana wovala taye. Ndinachita manyazi. Kalalikiyo anaona zala zanga zitatupa, anaganiza kuti ndatopa ndipo mpeni wabuntha. Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa lezala imene ankasongolera pensulo, ndipo ndisanatsegule pakamwa anangoti pyuu, kamodzi kokha.

"Basi! Ndakuthandizani, bambo."

Ine ndinati, "Zikomo."

Mpaka lero zikomo ameneyo amandidzutsa. Ndinagwada, ndinatola tizidutswa ta ulusi wofiira pa simenti, tisanu ndi kamodzi, n'kutiika m'kathumba ka kolona. Palibe amene anafunsa chifukwa chake.

Nthawi yomweyo kunamveka njinga yamoto. Anali bwana uja akuchokera ku boma, bambo wamkulu thupi, atakulunga mpango m'khosi. Anazimitsa injini, anayang'ana khonde la ofesi yake litayalidwa zikopa kuyambira pa chitseko mpaka pa masitepe, n'kuvula magalasi.

"Mlenje ndani pano?"

"Si mlenje, bwana," anatero kalaliki monyadira. "Ndi zikopa zosasoka, nambala yake ndaipeza."

"Zikopa za chiyani?"

Anaphiri anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona, "Nenani kuti n'zoweta."

"Za mbira za m'phiri, bwana," ndinatero.

"Mayo ine," anatero Anaphiri. "Bambo awa chilungamo chidzawapha."

Bwanayo anandiuza mwaulemu kuti munthu wolowetsa zikopa za nyama zakutchire ayenera kukhala ndi chilolezo cha a zanyama. Wopanda chilolezo amalandidwa zikopazo, ndipo zimapita ku boma pamodzi ndi mwini wake, kuti akafotokoze kumene anapha nyama makumi awiri ndi zinayi. Ndinati sindinaphe ine. Anafunsa kuti wapha ndani. Ndinati apongozi anga aamuna. Anafunsa kuti ali kuti. Ndinati kumanda, zaka khumi ndi zisanu tsopano. Anandiyang'ana ngati akuganiza kuti ndikuchita naye chipongwe, ndipo ndipamene amayi aja, onse asanu nthawi imodzi, anamufotokozera mmene zinayendera.

Bwanayo anatola chikopa chimodzi, ananunkhiza, anaona timabowo ta singano m'mphepete mwake. Anatembenukira kwa kalaliki.

"Chinabwera chosoka?"

"Inde bwana."

"Chakale chonchi, chonunkha utsi?"

"Inde bwana."

"Tsegula tsamba loyamba la buku lako. Loyamba, lija umalidumpha. Zofunda ndi zovala zakale za munthu wapaulendo zimalipira zingati?"

Kalaliki analowa m'nyumba. Anakhalitsamo. Potuluka taye ija inkaoneka ngati ikumutsamwitsa.

"Sizilipira, bwana."

"Sizilipira." Bwanayo anatembenukira kwa ine. "Bambo, ndi chisanu chonsechi, mukanangochifunda pa mapewa n'kudutsa, ife tikanakupatsani moni basi."

Kenako wina mwa amayi aja anayamba kutsokomola, kutsokomola kwa munthu amene akumeza phwete.

"Tsono vuto ndi ili," anapitiriza bwanayo. "Ine chofunda sindinachione. Chimene ndikuona pano ndi zikopa za nyama zakutchire zopanda chilolezo." Anayang'ana wotchi, anayang'ana dzuwa. "Ndikulowa mu ofesi, ndili ndi makalata ambiri. Ndituluka potsitsa mbendera. Chimene ndichipeze pa khonde pano nthawi imeneyo ndi chimene ndilembe."

Analowa, anamukokera kalaliki m'katimo, n'kutseka chitseko.

Ine kusoka sindidziwa. Batani likathothoka ankasoka Nangozo, atapita iye ndinkamanga ndi kawaya. Ndinakhala pakati pa zikopa zija ngati nkhuku yonyowa. Dzuwa linali litatsala mikono iwiri kuti likhudze phiri, ndipo ndinayamba kuganiza mawu amene ndikamuuze Tereza, ngati a boma angandilole kukamuona Lamulungu lisanafike.

"Tasunthani apo," anatero Anaphiri. "Amayi, bweretsani zingano."

Zingano zake zinali zija zosokera matumba a mbatata, zazitali ngati chala, ndipo ulusi wake unali chingwe cha khonje. Anakhala pansi mozungulira, miyendo tambalale, aliyense anagwira zikopa ziwiri. Palibe amene ankakumbukira kuti chiti chinali pati. Wina ankati ubweya uloze kumtunda, wina ankati kumunsi, ndipo aliyense anachita monga mwa chikhulupiriro chake. Ine anandipatsa ntchito ziwiri: kulowetsa chingwe pa zingano, ndi kuthamangitsa mbuzi zimene zinkafuna kabichi wawo.

"Kodi abambo, muli ndi mkazi?" anafunsa Anaphiri chingwe chili kukamwa.

"Anamwalira."

Zingano zonse zinaima.

"Pepani," anatero. Anasoka kawiri, katatu. "Zikuoneka ndithu. Akanakhalapo simukanafika kuno."

Ankanena zoona. Nangozo akanandilanda njinga pa mapichesi pomwepo.

Inafika lole ya makabichi, yoyamba tsiku lonse. Dalaivala anatsika, anafunsa kuti pali maliro kapena chinkhoswe, amayi aja anamuuza zonse osasiyako, akuwonjezera ndi zina zimene sizinachitike. Anaseka atagwira chitseko cha lole. Ndinamufunsa kumene ankapita. Anati akadzera cha kwathu. Ndinangoyang'ana kumwamba.

Wapolisi wina wa pa chipata atayamba kumasula chingwe cha mbendera, Anaphiri analuma mfundo yomaliza. Tonse tinaimirira njo, monga linalili lamulo, mpaka mbendera inatsika. Kenako anatambasula ntchito yawo. Chinali chofunda ndithu, palibe akanakana. Koma mbali ina chinali chachitali, mbali ina chachifupi, pakati chinatukuka ngati chisa, ndipo pakona pena panali poperewera ngati munthu wagulukira dzino.

"Pamenepa pasowa chimodzi," anatero mmodzi wa iwo.

Tinafufuza. Chinapezeka pamene anakhala Anaphiri. Simenti inkazizira, ndiye anachikhalira kuyambira pachiyambi.

Chitseko chinatseguka. Bwanayo anazungulira chofundacho kawiri manja ali kumbuyo, nkhope yake osasintha.

"Ichi ndi chofunda chakale cha munthu wapaulendo. Sichilipira. Dutsani, bambo." Kenako anaona chija chinali m'manja mwa Anaphiri. "Nanga icho?"

"Chatsalira, bwana."

"Icho ndi chikopa cha nyama yakutchire chopanda chilolezo. Chitsala." Anaitana kalaliki. "Fomu yako ija ili ndi nambala, eti? Lembapo chimenechi."

Anandilembera lisiti, anadindapo chidindo, ndinasaina. Lisitilo ndikadali nalo m'buku la mapemphero. Amayi aja ndinafuna kuwapatsa ya shuga ija, Anaphiri anakana. Anati kuseka kumene anaseka tsiku limenelo kunali kokwana malipiro, ndipo ndikadzakhalanso ndi katundu wina ndidzabwere Lachisanu, chifukwa ndi tsiku limene malonda amayenda pang'onopang'ono.

Ndinagona kwa mphunzitsi wina wa katekisimu kufupi ndi msewu, ndipo kwa Tereza ndinafika Loweruka masana. Lole ija inali itandipitirira kalekale. Ndikudutsa pa chigayo munthu wina anandifuulira kuti, "Mwaswera bwanji a Kasitomu!" Dzina limenelo linandikakamira, moti pali ana amene anakula akuganiza kuti ndi la ubatizo.

Tereza yekha anali asanamve, chifukwa anali m'nyumba ndi khanda. Analandira mtolowo ndi manja awiri, anauyala pa mphasa. Sanaone za kutalika kapena kufupika. Anagwada n'kuyamba kutsata misoko ndi chala, umodzi umodzi, kuyambira pakona. Anafika kumapeto, anabwereranso.

"Bambo, wa amayi ndi uti? Yonsetu ndi yokhota."

Njira yonse ndinabwera ndikukonza mawu. Ndikanatha kungoloza msoko uliwonse, iye akanakhulupirira, ndipo akanausisita moyo wake wonse msoko wa Anaphiri. Ndinaganizapo ndithu, zimenezo ndikuvomera. Koma munthu amene wapalasa njinga tsiku lathunthu kuti asanamize boma sangafike kunyumba n'kunamiza mwana wake. Ndinakhala pa mpando, ndinamuuza zonse, kuyambira pa ulaliki mpaka pa lezala. Kenako ndinatulutsa kathumba ka kolona, ndinakhuthulira tizidutswa tija m'dzanja lake.

Anayang'anitsitsa tizidutswato. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndinapeza akuseka. Nditati ndipume, ndinapeza akulira. Sindidziwa pamene china chinathera n'kuyamba chinzake.

"Munamuuza zikomo?" anafunsa akupukuta m'maso.

"Ndinamuuza."

"Amayi akanakuphani."

Anatenga singano yake, analumikiza tizidutswa tija ndi timfundo ting'onoting'ono, n'kusoka pakona poperewera paja. Ulusiwo unangokwana kubaya katatu. Anasoka mokhotetsa, ndipo sindinamufunse ngati anachita dala.

Lamulungu mwanayo anabatizidwa atakulungidwa m'chofunda chomwecho. Analira kuyambira pa khomo mpaka pa dalitso lomaliza. Abambo mfumu anati ndi chizindikiro cha mapapo abwino, koma ine ndinkadziwa kuti ndi mfundo za khonje zikumubaya.

Patapita miyezi ingapo ndinakumana ndi kalaliki uja pa msika wa ku boma. Anandizindikira patali, anabwera akukankha njinga yatsopano, nkhope ili mwee. Anauza mnzake amene anali naye kuti, "Awa ndi bambo aja ndinawathandiza!" Ndinamupatsa moni. Pa chishalo cha njinga yake panali patakutidwa kachikopa kofewa, kabulauni, kokhala ndi timabowo ta singano m'mphepete. Anati mwezi wa Juni chishalo chimazizira kwambiri. Ndinati n'zoona.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, sindidziwa bwino. Kuyambira pamenepo popita kwa alamu ndinkadzera pa mapichesi ngati anthu onse, ndipo ndikabwerako ndi kalichero ka nyemba ndinkakaulula Loweruka. Ulendo wachitatu abambo mfumu anandiuza kudzera pa kazenera kuti ndisadzabwerenso ndi nyemba, pa mzere pali anthu a machimo enieni. A Jowakimu anafotokoza nkhani imeneyi pa maliro aliwonse ndi ukwati uliwonse mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo chaka chilichonse zikopazo zinkachuluka, moti pomaliza zinali za akambuku.

Kukhululuka sikunabwere msanga ayi. Kwa nthawi ndithu, ndikafika pa mawu aja a kukhululukira adani m'pemphero, ndinkaona lezala, ndipo ndinkadutsapo mothamanga. Koma ndinkati ndikaganiza, mwana uja ankafuna kundithandiza, bwana uja anatseka chitseko pamene akanatha kuchisiya chotsegula, Anaphiri simenti inkawazizira, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anabwera kudzanditenga kwathu. Chofunda chija chafunditsa ana anayi a Tereza, ndipo tsopano chili kwa mdzukulu wanga uja analira pa ubatizo. Pakona pake pakadali ulusi wofiira, wobaya katatu.

Kalaliki, bwana wake, amayi asanu aja, dalaivala wa lole, ndi alamu anga a Jowakimu, onsewo ndinawakhululukira.